Kodi Mulungu Samva Chichewa?

M'chilimwe cha chaka cha 2023 ndidapita kukakhuza maliro a mnzanga amene tidakulira limodzi m'mudzi wina wa m'boma la Dedza. Malemuyo adali mlimi wa kachewere ndipo sukulu adalekeza ali mu Sitandade 4. Mkazi wake sadapondeko m'kalasi chibadwire. Pasiwa padadzaza anthu a m'midzi yoyandikana: nyakwawa ndi nduna zawo, adzukulu atadetsedwa ndi dothi la kumanda, amayi atakhala pansi m'magulumagulu, ana akusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Pa khamu lonselo padalibe mzungu kapena mlendo wochokera kunja kwa dziko. Ana a malemu, amene amagwira ntchito m'tauni, adabwera ndi mlaliki wa mpingo wawo pamodzi ndi jenereta ndi zokuzira mawu.

Itakwana nthawi ya mawu, mlalikiyo adaimirira, nakonza tayi, nayamba kulalikira m'Chingerezi. Pambali pake padaima mnyamata wotanthauzira amene ankathamangira mawu a abwana akewo monga amachitira mwana wopirikitsa nkhuku. Ine ndagwira choko zaka zoposa 30 ndipo khutu langa silindinamiza. Chingerezi cha mlalikiyo chinkatsimphina, ndipo mnyamata uja pena ankachiwongola, pena ankadumpha, pena ankangolalikira zakezake. Ulaliki uli m'kati jenereta idazima. Pamenepo munthu wa Mulungu uja adapotolokera kwa kamnyamata kena nati, "Iwe, tathamanga ukaone ngati mafuta atha!" Chichewa chake chidali chosalala, chakumudzi chenicheni, chopanda chilema. Jenereta italiranso, lilime lake lidabwerera ku England.

Ndidayang'ana namfedwa uja. Adali atazolika, akutokosa pansi ndi kamtengo. Mwamuna amene adakhala naye pabanja zaka 40 adali m'bokosi, ndipo chitonthozo chimene mayiyo adayenera kumwa ndi chikho chodzaza chinkamufika ngati madzi otungira m'lichero. Ndidachoka pamandapo ndi funso limene ndikufuna kuti nanunso achinyamata mulisenze: kodi mlaliki uja ankayankhula ndi yani? Namfedwa sankamumva. Nyakwawa sizinkamumva. Ngati ankayankhula ndi Mulungu, ndiye kuti Mulunguyo samva Chichewa?

Ine ndikuti mchitidwe umenewu ndi wolakwa, ndipo kulakwa kwake si kwa nthabwala ayi. Munthu amene amadziwa chiyankhulo cha omvera ake, nasankha dala kulalikira kapena kupemphera m'chiyankhulo chimene iwo sachimva, akulanda chakudya m'kamwa mwa anthu osauka kuti agule nacho ulemu wake. Mchitidwewu wafala. Mudzaupeza m'mipingo ya m'tauni, m'misonkhano ya chitsitsimutso, pa maukwati, pa wailesi, ngakhalenso m'mapemphero a ana a sukulu, kumene wopemphera m'Chingerezi amaoneka wauzimu kuposa mnzake wopemphera m'Chichewa. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndisanaloze ena chala ndiyambe ndaulula tchimo langa, pakuti mbewu imeneyi tidafesa ndife aphunzitsi. Pa sukulu ina imene ndidaphunzitsako ndili mnyamata tidali ndi kathabwa komangirira chingwe. Mwana akapezeka akuyankhula Chichewa pabwalo la sukulu ankavekedwa kathabwako m'khosi, ndipo iye ankayenda akutchera khutu kuti apeze mnzake womusiyira. Amene kamuwerukira adali ndi chibalo chotchetcha udzu. Cholinga chathu chidali chabwino, chifukwa popanda Chingerezi mwana sakanapambana mayeso. Koma pamodzi ndi Chingerezicho tidaphunzitsanso phunziro lina limene silidalembedwe pa bolodi, loti chiyankhulo cha amayi ako ndi mlandu. Ana amene tidawaveka kathabwa aja ndiwo lero aima paguwa. Adaphunzira bwino kuti pamaso pa mkulu suyankhula Chichewa, ndipo palibe mkulu woposa Mulungu.

Tsono tiyeni tifunse Baibulo lenilenilo, popeza ndilo buku limene alalikiwa amanyamula.

M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 18, muli nkhani ya kazembe wa mfumu ya Asuri amene adaima kunja kwa linga la Yerusalemu naopseza mzindawo m'chiyankhulo cha Ayuda. Nduna zitatu za mfumu Hezekiya zidamupempha kuti asinthe ayankhule Chiaramu, chimene izo zinkachimva, kuti anthu wamba okhala palinga asamve. Ndunazo zidali ndi chifukwa chake, pakuti zinkaopa kuti anthu angataye mtima. Komabe nkhaniyi ikutionetsa chinthu chakale kwambiri. Akuluakulu akafuna kuti anthu wamba asamve, amadziwa chiyankhulo choti asankhe. Chiyankhulo chingathe kukhala chitseko chotsekera anthu kunja. Kuchitseka pobisa uthenga woopsa wa nkhondo kungamveke. Nanga kuchitseka pa Uthenga Wabwino?

M'buku la Nehemiya, mutu 8, Ezara adawerenga buku la malamulo pabwalo kuyambira m'mawa kufikira masana, ndipo Alevi ankalongosolera anthu tanthauzo lake. Anthu adalira, kenaka adapita kukadya ndi kukondwera, ndipo bukulo limanena poyera kuti chimwemwe chawo chidabwera chifukwa adamvetsa zimene adauzidwa. Wina anganene kuti Aleviwo ndiye otanthauzira, choncho mlaliki wa ku Dedza uja sadalakwe. Koma pali kusiyana. Alevi ankamanga mlatho pamtsinje umene udalipo kale. Mlaliki uja adakumba yekha mtsinje pouma, kenaka naitana mnyamata kuti aziolotsa anthu.

Pa tsiku la Pentekoste, monga tiwerenga pa Machitidwe mutu 2, mu Yerusalemu mudali anthu ochokera m'maiko ambiri. Nthawi imeneyo Chigriki ndicho chidali Chingerezi cha dziko, chiyankhulo cha malonda ndi cha anthu ophunzira, ndipo ambiri mwa alendowo akadatha kuchimva. Mulungu akadafuna njira yachidule akadangouza atumwi kuti ayankhule Chigriki. Chozizwitsa cha tsikulo chidali chakuti munthu aliyense adamva m'chiyankhulo cha kwawo kumene adabadwira. Mpingo udabadwa ukuyankhula ziyankhulo za kumudzi.

Yesu mwini adakulira ku Galileya, dera limene anthu a mumzinda ankalipeputsa, ndipo ankayankhula Chiaramu cha anthu a kumeneko. Kayankhulidwe ka Agalileya kankadziwika, mwakuti usiku umene Yesu adagwidwa Petro adazindikiridwa ndi lilime lake, monga momwe munthu wa ku Nsanje amadziwikira akangotsegula pakamwa mu Lilongwe. Marko, polemba m'Chigriki, adasunga mawu angapo a Chiaramu monga momwe adatulukira m'kamwa mwa Yesu: amene adanena podzutsa mwana wa Yairo, amene adafuula pamtanda, ndi dzina loti Abba limene adaitanira nalo Atate ake m'munda wa Getsemane. Taonani malo amene mawu akwawo adatulukira: pa imfa ya mwana, pa mantha ndi pa ululu. Munthu akapsa ndi moto salira m'chiyankhulo cha kusukulu.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda koposa ndi cha Paulo, chifukwa iye adali munthu wophunzira monga mukufunira kukhala inu. Pa Machitidwe mutu 21 ndi 22, atagwidwa m'Kachisi, adayankhula ndi mkulu wa asilikali m'Chigriki mpaka mkuluyo adadabwa. Atapatsidwa mpata woyankhula kwa khamu limene linkafuna kumupha, adaima pa makwerero nasintha nayamba kuyankhula chiyankhulo cha makolo awo, ndipo anthuwo atamva zimenezo adakhala chete koposa. Paulo adali nazo ziyankhulo zonse ziwiri m'thumba. Ankayang'ana kaye amene waima patsogolo pake asanasankhe chotulutsa. Ndiyenso adalembera Akorinto kuti mumpingo kuli bwino kunena mawu asanu omveka kusiyana ndi zikwi khumi zosamveka. Ndikudziwa kuti pamenepo ankanena za malilime, koma muyeso wake ndi womwewo: munthu wamba wakhala kumbuyoyo avomera bwanji pemphero limene sadalimve?

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Chingerezi chimene tikuchiyesa chiyankhulo cha kumwambachi chidakhalapo Chichewa cha nthawi yake. Ku England, m'zaka za m'ma 1400, kudali lamulo la mpingo loletsa kumasulira Malembo m'Chingerezi popanda chilolezo cha bishopu. Chilatini ndicho chinkayesedwa choyenera zinthu zoyera, pamene Chingerezi chidali cha alimi ndi oweta nkhosa. William Tyndale adathawa m'dziko lake kuti akamasulire Chipangano Chatsopano, ndipo chidasindikizidwa ku Germany m'chaka cha 1526 n'kumalowetsedwa mu England mozemba. M'chaka cha 1536 adamupha pomupotokola khosi, natentha mtembo wake, kufupi ndi mzinda wa Brussels. Munthu adafera zoti mlimi amve Mawu m'chiyankhulo chake. Lero ife tatenga chiyankhulo chomwecho n'kuchisandutsa Chilatini chatsopano choti mlimi wa kachewere asamve. Mpingo wa Katolika, umene udasunga Chilatini pa Misa kwa zaka mazanamazana, udatsegula khomo la ziyankhulo za anthu pa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Ena akutuluka m'chipinda chimenechi, ife ndiye tikulimbirana kulowamo.

Kuno kwathu Mawu a Mulungu m'Chichewa sadagwe kuchokera kumwamba. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre adakhala pansi ndi anthu kumvetsera mawu awo, ndipo m'chaka cha 1892 adatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja. Ku Mvera, m'boma la Dowa, kumene mishoni idayamba m'chaka cha 1889, William Murray pamodzi ndi aphunzitsi ndi alaliki a kuno adatha zaka zambiri akusankha liwu limodzilimodzi, mpaka Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera m'chaka cha 1966, ndipo m'chaka cha 1998 padatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina adagwirira ntchito limodzi. Amishoni aja adali ndi zolakwa zawo, ndipo mbiri siwabisira. Koma pa ichi chokha adatichititsa manyazi. Mzungu adapinda lilime lake kuti aphunzire kunena "ng'ombe" ndi "mphwanga", pamene mdzukulu wa anthu amene adamuphunzitsawo akupinda lake kuti aoneke ngati waiwala.

Amene akukayika za mphamvu ya mawu omveka afunse makolo ake za tsiku la 8 Malichi 1992. Pa tsikulo kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko muno idawerengedwa m'matchalitchi. Kalatayo sidalembedwe m'Chingerezi chokha ayi, idatulukanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ikadakhala ya Chingerezi chokha, bwenzi itathera m'maofesi. Koma idalowa m'makutu mwa amayi ogulitsa nkhuni ndi anyamata a m'minda ya tiyi, boma lidanjenjemera nkuitcha youkira, ndipo pofika mwezi wa Juni 1993 anthu adali pamzere kuvotera ndale za zipani zambiri.

Tsono ndimve mbali ya onditsutsa, chifukwa ali nazo mfundo.

Ena amati m'mizinda muli anthu a mitundu yosiyanasiyana, ena ochokera kunja, ndipo Chingerezi ndicho chimawalumikiza. Izi n'zoona, ndipo kumene kuli anthu otere mapemphero a Chingerezi ndi chifundo. Wotanthauzira ndi mtumiki wolemekezeka pamene mlaliki ali mlendo weniweni. Ine mlandu wanga uli ndi munthu amene amagula matemba m'Chichewa, nakalipira ana ake m'Chichewa, nalota m'Chichewa, koma akangogwira chokuzira mawu pamaso pa abale ake amasanduka mlendo. Enanso amati akulalikira anthu a kutali amene amaonera pa Facebook. Ngati ndi choncho, ndiye kuti namfedwa amene wakhala patsogolo pawoyo wasanduka chokongoletsera chithunzi.

Ena amati Chichewa n'chosauka, chilibe mawu okwanira kunyamula zinthu zakuya za Mulungu. Amene amanena izi ndiye osauka, chifukwa chiyankhulo chawo adachilekeza panjira. Makolo athu asanaone Baibulo adali kale ndi maina a Mulungu: Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi. Omasulira Buku Loyera atafuna dzina loimira dzina lopatulika la Mulungu wa Israele adatenga Chauta, pamene Buku Lopatulika lidalemba Yehova. Tili ndi chisomo, chiombolo, chiyero, kulapa, chikumbumtima. Taganizirani liwu loti chikumbumtima: chinthu chimene chimakumbutsa mtima. Kodi pali mphunzitsi wa zaumulungu amene angafotokoze bwino kuposa pamenepa? Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma apa ngakhale mwendowo sudachepe.

Pali dandaulo lina limene ndikulivomera ndi mtima wonse. Achinyamata ambiri amati Chichewa cha m'Buku Lopatulika n'chovuta, ziganizo zake n'zopindika, ndipo mawu ena sagwiritsidwanso ntchito. Ndi zoona, bukulo lapitirira zaka 100, ndipo m'malo ena omasulira adatsata kwambiri kapangidwe ka ziyankhulo zoyambirira. Koma mankhwala a Chichewa chovuta ndi Chichewa chomveka, ndipo chilipo. Chodabwitsa n'chakuti ambiri othawa Buku Lopatulika amathawira ku Baibulo la Chingerezi la m'chaka cha 1611, limene Chingerezi chake ngakhale ana a ku London chimawavuta. Apa m'pamene pamaonekera kuti chimene akufuna si kumva.

Ndisaiwale abale athu oyankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi ziyankhulo zina. M'chaka cha 1968 Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Bala limenelo ena likuwawawabe. Zimene ndikunena pano sizikukweza Chichewa pamwamba pa anzathu. Mchewa wodziwa Chitumbuka akakalalikira Chichewa pamaliro a ku Rumphi kuti aoneke wa ku likulu, walakwa chimodzimodzi ndi mlaliki wa ku Dedza uja.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si guwa ayi, koma pemphero la munthu payekha. Ndamvapo ana a sukulu akupemphera m'Chingerezi mokweza, mawu akutuluka ngati chimanga pa chigayo, koma ukamvetsera bwino upeza kuti ndi ziganizo zoloweza, zotola pa wailesi yakanema, zomwezomwezo kwa mwana aliyense. M'pemphero lotere mulibe dzina la mayi wodwala, mulibe fizi imene yasowa, mulibe mnzake amene adamunenera bodza. Yesu adachenjeza za anthu opemphera kuti aonedwe ndi za ochulukitsa mawu poyesa kuti adzamvedwa chifukwa cha kuchuluka kwake. Chiyankhulo chobwereka chimapeputsa machimo onse awiriwa.

Ndikunena izi chifukwa ndidaziyesa ndekha. Kunena m'Chingerezi kuti ndine wochimwa n'kosavuta, mawuwo amatuluka osakhudza pena paliponse, ngati kugwira mphika wamoto ndi chiguduli. Koma tayesani kugwada m'chipinda mwanu n'kunena m'Chichewa kuti, "Ndidaba ndalama ya amayi. Ndidanama. Ndimamuchitira nsanje mnzanga." Mawuwo amaotcha, chifukwa ndi omwewo amene agogo anu ankakudzudzulirani nawo muli mwana, ndipo simungabisale kuseri kwake. Chiyankhulo chimene munthu adayamwira chimafika kumene manyazi ake, mantha ake ndi chikondi chake zimagona. Hana wa m'buku loyamba la Samuele adapemphera milomo yokha ikugwedezeka, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Pempherolo silidali lokoma m'makutu a munthu, koma lidachokera pansi pa mtima, ndipo lidayankhidwa. Ngati pali mwana amene adakulira m'Chingerezi, amene mtima wake umalira m'Chingerezi, apemphere momwemo, palibe womuletsa. Koma ambiri a inu mukudziwa chiyankhulo chimene chimatuluka mukapunthwa chala pamwala.

Musandimve molakwa. Phunzirani Chingerezi ndi mphamvu zanu zonse. Popanda icho satifiketi ya MSCE simungaipeze, ndipo mabuku ambiri a nzeru adzakhala otsekeka kwa inu. Werengani Baibulo m'ziyankhulo zonse ziwiri, muyerekeze, ndipo mudzaona zimene woliwerenga m'chiyankhulo chimodzi saona. Ena mwa inu mudzakhala abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi amayi otsogolera anzawo. Tsiku lidzafika pamene mudzaimirira pasiwa, maso a anthu onse ali pa inu, ndipo mudzamva kachiyeso kofuna kuonetsa kuti sukulu mudapita. Pa tsikulo mudzayang'ane kaye amene wakhala pafupi ndi bokosi.

Madzulo a tsiku la maliro lija, magalimoto atabwerera kutauni ndi jenereta yawo, ine ndidatsala kuti ndigone pasiwa. Kutada, gogo wina wa mumpingo wa m'mudzimo adalowa m'nyumba momwe mudali amayi, atafumbata Buku Lopatulika lothothoka chikuto, lomangidwa ndi mphira. Ife amuna tidali pakhonde ndipo tinkamva zonse. Adatsegula pa Yohane mutu 14 nayamba kuwerenga pa kuwala kwa koloboyi, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, pena akubwereza liwu limene lamuvuta. Atafika pakati maso adamulephera, ndipo adaima kuti asendeze nyali. Asanapeze pamene adalekeza, tidamva mawu ena akupitiriza ndimeyo chapansipansi mpaka kumapeto kwake. Adali namfedwa uja, amene sadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Adaimva kutchalitchi kuyambira ali mtsikana, ndipo idali m'mutu mwake yonse. Atamaliza adalira mokweza kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, amayi anzake namugwira, ndipo gogo uja adatseka buku nayamba kupemphera, akutchula malemu ndi dzina lake laubwana.